Zigamba Zitatu za Mafuta pa Sofa: Mbiri ya Tsitsi la Darryl Jenks mu Filimu ya Coming to America

Chiyambi

Pa 29 June 1988 kampani ya Paramount inatulutsa filimu ya Coming to America, yomwe anaitsogolera ndi John Landis. Eddie Murphy ndiye anabweretsa nkhaniyo komanso kusewera mbali yaikulu. Filimuyi inapeza ndalama zoposa madola 128 miliyoni ku United States kokha, ndipo inali yachitatu pa mafilimu amene anapanga ndalama zambiri m'dzikomo chaka chimenecho. Nkhani yake ndi yosavuta kuitsata. Akeem, mwana wa mfumu ya dziko lopeka la mu Africa lotchedwa Zamunda, akukana mkazi amene makolo ake amusankhira. Akupita ku Queens, mumzinda wa New York, kukafuna mkazi woti amukonde iye mwini posayang'ana chuma chake. Kumeneko akudzionetsa ngati mwana wasukulu wosauka, akulembedwa ntchito yokolopa mu lesitilanti ya McDowell's, ndipo mtima wake ukugwa pa Lisa, mwana wa mwini lesitilantiyo.

Lisa ali kale ndi chibwenzi, dzina lake Darryl Jenks. Amene anasewera ngati Darryl ndi Eriq La Salle, wa ku Hartford m'chigawo cha Connecticut, yemwe panthawiyo anali ndi zaka 25. Darryl saoneka nthawi yaitali m'filimumo, koma amene anaionera samuiwala chifukwa cha tsitsi lake lopotanapotana, lofika m'khosi, lonyezimira ngati munthu wangonyowa kumene ndi mvula. Kakonzedwe ka tsitsi kameneka amakatcha Jheri curl. Banja la Darryl linalemera pogulitsa mafuta opopera m'tsitsi lotere, otchedwa Soul Glo. Dzina la mafutawo ndi lopeka, koma malonda amene likuimira analipodi, ndipo anali aakulu.

M'nkhani ino ndikufuna kuyankha mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, tsitsi limene mu 1983 linali pamutu pa oimba otchuka kwambiri padziko lonse linasanduka bwanji chinthu choseketsa pofika 1988? Lachiwiri ndi lakuti, nthabwalayi inasiya chiyani osanena? Maganizo anga ndi akuti filimuyi inasankha bwino nthawi yoseka tsitsili, koma pofuna kuti nthabwala ikome inaphimba zinthu ziwiri: kuti Jheri curl inali chuma cha makampani a anthu akuda, komanso kuti Africa ya tsitsi losakhudzidwa ndi mankhwala, imene Akeem akuimira, inali maloto a anthu a ku America.

Kumene nkhani ya tsitsi inachokera

Kwa anthu akuda a ku America, nkhani ya tsitsi inayamba ndi lumo. Ogula akapolo ankameta anthu amene awagwira asanawakweze m'zombo. Kumetako kunkafufuta zizindikiro za mtundu, msinkhu ndi udindo, zomwe anthu ambiri a kumadzulo kwa Africa ankaonetsa kudzera m'malukidwe a tsitsi. Mu 1786 bwanamkubwa wa ku Louisiana, Esteban Miró, analamula kuti akazi akuda azivala duku akamayenda pagulu kuti tsitsi lawo lisamaoneke. Ukapolo utatha mu 1865, maganizo amene unadzala anatsala. Munthu akanena kuti uje ali ndi tsitsi labwino, ankatanthauza tsitsi lofewa ndi lowongoka ngati la azungu, lomwe kwathu timati la mzindo. Wofuna ntchito ya m'sitolo kapena ya mu ofesi ankadziwa kuti olemba ntchito ayang'ana kumutu asanayang'ane mapepala.

Vuto limeneli linatsegula msika umene makampani a azungu sankaulabadira kwenikweni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Annie Turnbo Malone ndi Madam C. J. Walker anayamba kugulitsa mafuta osamalira tsitsi ndi khungu la kumutu. Walker anabadwa mu 1867 kwa makolo amene anali akapolo, dzina lake lobadwa nalo linali Sarah Breedlove, ndipo anagwirapo ntchito yochapa zovala za anthu. Pomwalira mu 1919 anali ataphunzitsa akazi zikwizikwi ntchito yokonza tsitsi ndi kugulitsa mafuta ake khomo ndi khomo. Chipeso chachitsulo chotenthetsa pamoto sanachiyambitse ndi iye, koma ophunzira ake anachifalitsa kwambiri. Ndi kachitidwe kamene m'Chichewa timati kuwotcha tsitsi.

Amuna anali ndi njira yawo yotchedwa conk. Ankasakaniza sodium hydroxide, mankhwala aukali amene amapangiranso sopo, ndi mazira komanso mbatata ya kachewere, n'kupaka kumutu mpaka tsitsi litawongoka. Mankhwalawa ankawotcha khungu. M'buku la mbiri ya moyo wake lomwe linatuluka mu 1965, Malcolm X anafotokoza ululu umene anamva tsiku loyamba kuchita zimenezi ali mnyamata ku Boston, ndipo atakula anaona mchitidwewu ngati kudzinyoza. Mu 1954 George E. Johnson wa ku Chicago anayamba kugulitsa mankhwala owongolera tsitsi la amuna otchedwa Ultra Wave, kenaka Ultra Sheen ya akazi. Mu 1971 kampani yake ya Johnson Products inakhala kampani yoyamba ya anthu akuda kugulitsa masheya pa msika wa American Stock Exchange.

M'zaka za m'ma 1960 zinthu zinatembenuka. Miriam Makeba atafika ku United States mu 1959 ankaimba ndi tsitsi lake lalifupi, losawotcha, ndipo anthu analiona. Mu 1963 Cicely Tyson anaoneka pa wailesi ya kanema ndi tsitsi lachibadwa mu sewero la East Side/West Side. Pofika 1970, afro yaikulu ya Angela Davis inali chizindikiro cha ndale chodziwika padziko lonse. Amalonda sanatsalire: Johnson Products inatulutsa Afro Sheen ndipo inkalipira pulogalamu ya nyimbo ya Soul Train. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 afro inayamba kutha mphamvu, ndipo anthu ankafuna tsitsi losawongoka ngati conk komanso losaima ngati afro. Jheri curl inalowa pampata umenewu.

Kapangidwe ka Jheri curl ndi malonda ake

Kuti nthabwala ya Soul Glo imveke, tiyenera kudziwa momwe tsitsili limakonzedwera. Tsitsi limapangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin, ndipo timaulusi ta puloteniyi timagwirana ndi timfundo ta sulfure tomwe timasunga mapotedwe a tsitsilo. Wokonza Jheri curl amayamba wapaka mankhwala a ammonium thioglycolate, onunkha kwambiri, amene amamasula timfundo tija kuti tsitsi lifewe. Akatero amalikulunga pa timarola ta pulasitiki. Pomaliza amathira mankhwala ena amene amamanganso timfundo, tsitsi lili chikulungire, kotero kuti akachotsa marola limatsala ndi mapotedwe aakulu, ofewa. Ntchito yonseyi imatenga maola angapo, ndipo imabwerezedwa pakapita miyezi yochepa chifukwa tsitsi latsopano limamera mwachibadwa.

Vuto lake ndi lakuti mankhwalawa amaumitsa tsitsi. Likapanda chinyezi limathothoka. Choncho mwini tsitsi ankayenera kupopera tsiku ndi tsiku mafuta okhala ndi glycerin, amene amakoka chinyezi, ndipo usiku ankagona atavala kachipewa ka pulasitiki. Mafutawo ankatsalira pa pilo, pa kolala ya malaya, pa mpando wa galimoto ndi paliponse pamene mutu watsamira. Kwa wogulitsa, apa ndi pamene panali phindu, chifukwa munthu wokonzetsa tsitsi kamodzi ankakhala kasitomala wa mafuta mwezi ndi mwezi.

Dzina lakuti Jheri linachokera kwa Jheri Redding, mzungu wa ku Illinois wobadwa mu 1907, katswiri wa mankhwala a tsitsi amene anayambitsa nawo kampani ya Redken mu 1960. Koma amene anasintha njirayi kuti iyenerane ndi tsitsi la anthu akuda ndi kuifikitsa kwa anthu wamba anali amalonda akuda. Willie Morrow, wometa wa ku San Diego, anapanga California Curl. Kampani ya Soft Sheen ya Edward Gardner ku Chicago inatulutsa Care Free Curl. Wotchuka kwambiri anali Comer Cottrell, wobadwira ku Mobile m'chigawo cha Alabama mu 1931. Ali msilikali ku Okinawa anaona kuti sitolo ya asilikali inalibe zosamalira tsitsi la anthu akuda. Mu 1970 anayambitsa kampani ya Pro-Line ku Los Angeles ndi mpamba wa madola 600. Mu 1980 anatulutsa Curly Kit, kabokosi ka mankhwala koti munthu akonzere tsitsi kunyumba. Ku saluni Jheri curl inkafika madola 200 kapena 300, pamene kabokosiko kankagulidwa pafupifupi madola 8. M'kanthawi kochepa malonda a Pro-Line anakwera kuchoka pa madola 1 miliyoni pachaka kufika pa 10 miliyoni.

Oimba anathandiza kulifalitsa. Michael Jackson anaoneka nalo pachikuto cha chimbale cha Thriller chomwe chinatuluka mu November 1982, ndipo Lionel Richie analinso nalo. Pa 27 January 1984 tsitsi la Jackson linagwira moto akujambula uthenga wamalonda wa Pepsi ku Los Angeles. Mphekesera inafala yakuti mafuta a m'tsitsi ndiwo anakoleza motowo, ndipo nthabwala za mitu yoyaka zinachuluka. Mu 1987 filimu ya Robert Townsend ya Hollywood Shuffle inali ndi chigawenga chotchedwa Jheri Curl, chomwe anasewera ndi Keenen Ivory Wayans, ndipo chinaulula mlandu atachilanda botolo lake la mafuta. Panthawi yomweyo anyamata a ku New York anali atayamba kumeta hi-top fade: m'mbali kufupikitsa, pamwamba kusiya tsitsi lalitali louma, lodulidwa mosalaza.

Apa ndi pamene pali yankho la funso langa loyamba. Kutsika mtengo kumene kunafalitsa Jheri curl ndi komwenso kunaichotsera ulemu. Chinthu cha madola 300 chikayamba kupezeka pa madola 8, olemera amachisiya. Pofika 1988 tsitsili linali likadalipo, makamaka pakati pa anyamata a m'madera osauka a ku Los Angeles, monga momwe Eazy-E ndi Ice Cube a gulu la N.W.A ankaonekera chaka chomwecho. Koma pamutu pa mwana wa munthu wolemera wa ku New York, linkaonetsa munthu amene ali ndi ndalama koma watsalira pa fashoni. Oonera sanafunike kuuzidwa zimenezi.

Mitu itatu m'filimu

Filimuyi imaika mitu itatu pafupi kuti woonera aiyerekeze. Woyamba ndi wa Darryl. Tisanamudziwe bwino, timaona uthenga wamalonda wa Soul Glo pa wailesi ya kanema, wokhala ndi kanyimbo kamene analemba Nile Rodgers, komwe woimba amakweza mawu mopitirira muyeso. Kenaka timamuona Darryl mwini ali m'galimoto, akupopera mafuta m'tsitsi. Makhalidwe ake amatsatira tsitsi lakelo. Pa msonkhano wosonkha ndalama zothandizira anthu a m'dera, Akeem akuponya mpukutu wa ndalama mobisa, ndipo Lisa ataganiza kuti wapereka ndi Darryl, iye akuvomera kuyamikiridwako. Ku masewera a basketball akufunsa Akeem monyoza ngati ku Africa amasewera zothamangitsa anyani, n'kunenanso kuti kuvala zovala kuyenera kuti ndi chinthu chachilendo kwa iye. Wakuba wa mfuti atalowa mu lesitilanti, Darryl akuchita mantha, ndipo Akeem ndiye akulimbana naye ndi mtengo wa chokolopera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chithunzi chimene ambiri amakumbukira chili pa phwando la kunyumba kwa a McDowell. Bambo a Darryl, mayi ake ndi agogo ake aakazi akhala pa sofa, onse ndi tsitsi lonyezimira. Atadzuka, pamene panatsamira mitu yawo patsala zigamba zitatu za mafuta. Palibe amene akulankhulapo, kamera ikungoonetsa. Pa phwando lomweli bambo a Lisa akulengeza za chinkhoswe cha Lisa ndi Darryl, mwini wake asanafunsidwe. Motero mtsikana wa ku Queens akukumana ndi vuto lomwe Akeem anathawa ku Zamunda. Ndikuona kuti apa pali mfundo yaikulu ya filimuyi: Darryl ndi Akeem onse ndi ana a mafumu, onse akudikira chuma cha makolo. Kusiyana kwawo ndi kwakuti wina wanyamula ufumu wake pamutu kuti aliyense auone, pamene mnzake waubisa.

Mutu wachiwiri ndi wa Akeem. Akufika ku New York ndi tsitsi lalifupi, koma kumbuyo kuli kamchira ka tsitsi loluka komwe akuti wakhala akukasunga chibadwire. Atalowa mu babashopu ya My-T-Sharp, wometa wachikulire, Clarence, akumufunsa mankhwala amene amaika m'tsitsi. Akeem akuyankha kuti saika mankhwala alionse, amangogwiritsa ntchito madzi a zipatso. Clarence sakukhulupirira. Akudula kamchirako kamodzi n'kamodzi, n'kulipiritsa madola 8.

Kwa munthu wolankhula Chichewa, chithunzi chimenechi chili ndi tanthauzo loonjezera. Mawu akuti kumeta kwathu sanena za lumo ndi tsitsi zokha. Maliro akatha, achibale amameta, kusonyeza kuti nyengo ina yatha ndipo ina yayamba. Pakati pa Achewa, wometa ndi munthu amene walowa chinamwali ndipo akudziwa mwambo, pamene wosameta ndi amene sanalowe. Akeem akutuluka m'babashopumo atameta m'njira zonse ziwiri: tsitsi lachepa, ndipo wasiya uchifumu pakhomo n'kulowa gulu la anthu wamba a ku Queens. Olemba filimuyi sankaganiza za Chichewa, koma mphunzitsi amene akufuna kufotokoza matanthauzo a mneni ameneyu angapeze chitsanzo chabwino pamenepa.

Mutu wachitatu ndi wa Clarence mwiniwake, wa imvi. Murphy yemweyo ndiye anasewera ngati Clarence komanso ngati Saul, Myuda wokalamba amene amakhalira kucheza m'babashopumo, ndipo Arsenio Hall anasewera ngati Morris. Amene anawasintha nkhope ndi Rick Baker, yemwe dzina lake linalowa pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya Oscar chifukwa cha ntchitoyi. Akeem ataona kuti Lisa ali ndi Darryl, akubwerera kwa Clarence n'kuloza chithunzi cha Soul Glo, kufunsa ngati tsitsi lake lingakonzedwe choncho. Clarence akumuletsa. Akumuuza kuti tsitsi lachibadwa ndi labwino, ndipo akulakalaka achinyamata akanamasunga tsitsi lawo monga ankachitira Martin Luther King. Timati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma pano mlendo ndi amene watsala pang'ono kusochera, ndipo mwini mudzi akumubweza. Zimenezi zikugwirizana ndi mbiri ya babashopu pakati pa anthu akuda a ku America, yomwe kwa zaka zambiri yakhala ngati bwalo lokambirana za ndale, za nkhonya ndi za makhalidwe. Alonzo Herndon wa ku Atlanta, yemwe anabadwa ali kapolo mu 1858, anayamba ndi ntchito yometa asanakhazikitse kampani ya inshuwalansi ya Atlanta Life.

Zimene nthabwala inaphimba

Ndafika pa funso langa lachiwiri. Chinthu choyamba chimene filimuyi sinanene ndi chakuti banja ngati la a Jenks linali pankhondo yeniyeni m'zaka zimenezo. Phindu la Jheri curl linakopa makampani akuluakulu a azungu amene kale sankaulabadira msikawu. Mu 1981 eni makampani akuda anapanga bungwe la American Health and Beauty Aids Institute, ndipo ankadinda chizindikiro cha mutu wa mayi wakuda pa katundu wawo kuti ogula azidziwa kumene ndalama zawo zikupita. Mu 1986 mkulu wina wa kampani ya Revlon, Irving Bottner, anauza magazini ya Newsweek kuti makampani a anthu akuda atha posachedwa ndipo agulidwa ndi a azungu. Jesse Jackson ndi bungwe lake la Operation PUSH anapempha anthu kuti asiye kugula katundu wa Revlon. Mawuwo anapweteka, koma zambiri zinachitikadi. Johnson Products inagulitsidwa kwa IVAX mu 1993, Soft Sheen inagulidwa ndi L'Oréal mu 1998, ndipo Pro-Line inapita kwa Alberto-Culver mu 2000. Tikamaseka zigamba za pa sofa, tikuseka imodzi mwa mabizinesi ochepa amene anthu akuda anali nawo kuyambira ku fakitale mpaka ku saluni.

Chachiwiri ndi chakuti malangizo a Clarence anali ndi mtengo wake. Mu 1981 khoti la ku New York linagamula mlandu wa Renee Rogers, wogwira ntchito ku American Airlines, amene analetsedwa kubwera kuntchito ataluka tsitsi. Khotilo linati kampani ili ndi ufulu woletsa malukidwewo chifukwa munthu akhoza kuwamasula mosavuta. Kampaniyo inanenanso kuti Rogers anayamba kuluka choncho filimu ya 10 itatuluka mu 1979, momwe mzungu Bo Derek analuka tsitsi. Malukidwe a mu Africa a zaka mazanamazana anawerengedwa ngati fashoni yotengera mzungu wa m'filimu. M'dziko lotere, mayi wogula kabokosi ka madola 8 ankafuna tsitsi loti abwana asalidandaule, losafuna chipeso chamoto m'mawa uliwonse. Ndaonanso kuti filimuyi imayesa amuna okha ndi muyeso wa tsitsi lachibadwa. Tsitsi la Lisa ndi lokonzedwa monga ankakonzera m'masaluni a nthawiyo, ndipo palibe amene akumufunsa za madzi a zipatso.

Chachitatu chikukhudza ife amene tinachokera kummwera kwa Africa. Zamunda ndi dziko la njovu ndi mbidzi zoyendayenda pabwalo la nyumba yachifumu, ndipo mfumu ndi mfumukazi yake anasewera ndi James Earl Jones wa ku America ndi Madge Sinclair wa ku Jamaica. Mawu enieni a ku Africa amene timamva poyambirira ndi a gulu la Ladysmith Black Mambazo la ku South Africa. Koma ku South Africa komweko, mu 1985, Herman Mashaba anayambitsa kampani ya Black Like Me ku Ga-Rankuwa, kufupi ndi Pretoria, ndipo inakula pogulitsa mankhwala a pemu kwa anthu akuda. Mashaba anadzakhala meya wa Johannesburg mu 2016. Amene ali ndi zithunzi za maukwati a abale ake a ku Harare, Lusaka kapena Blantyre za m'ma 1980 ndi 1990 akhoza kuziyang'ana bwino, apezamo mitu yonyezimira. Pamene Akeem ankanena kuti saika mankhwala m'tsitsi, achinyamata a m'mizinda ya kwathu ankasunga ndalama kuti aoneke ngati Lionel Richie. Anthu akuda a ku America ankayang'ana ku Africa kufuna tsitsi lachibadwa, ndipo Africa inkayang'ana ku America kufuna tsitsi la pa chikuto cha chimbale.

Sindikunena zimenezi pofuna kupeputsa filimuyi. Mu 1988 kunali kosowa kuona filimu yaikulu ya ku Hollywood yokhala ndi osewera akuda pafupifupi onse, yoonetsa Mwafirika wolemera, wophunzira ndi waulemu, pa nthawi imene nkhani za njala ya ku Ethiopia ya 1984 ndi 1985 zinali zikadali m'maganizo a anthu. Munthu amene amanyoza Africa m'filimumo ndi amene amachita manyazi pomaliza. Wophunzira aliyense wochokera kwathu amene anafunsidwapo ngati kwawo amakhala ndi mikango pakhomo amadziwa chifukwa chake kugwa kwa Darryl kumakoma.

Mawu omaliza

Eriq La Salle anadzatchuka kuyambira mu 1994 ngati Dr. Peter Benton mu sewero la pa kanema la ER, ali ndi tsitsi lalifupi. Chaka chomwecho Samuel L. Jackson, amene anasewera ngati wakuba wa mfuti uja mu Coming to America, anavala wigi ya Jheri curl mu Pulp Fiction. Iye wafotokozapo kuti Quentin Tarantino ankafuna afro, koma wotumidwa anagula wigi ina, ndipo Jackson anaikonda chifukwa ndi momwe zigawenga za ku Los Angeles zinkaonekera. Tsitsi lomwe linali la oimba otchuka mu 1982 ndi la mwana wolemera woseketsa mu 1988 linakhala la munthu woopsa mu 1994. Kapangidwe kake sikanasinthe, koma tanthauzo linkasintha malinga ndi mutu umene lili ndi chaka chimene anthu akuliona.

Mkangano umene Clarence ndi Akeem anakhudza ukupitirirabe. Mu 2016 atsikana a sukulu ya Pretoria High School for Girls anachita zionetsero chifukwa chouzidwa kuti awongole tsitsi lawo. Mu 2019 chigawo cha California chinakhazikitsa lamulo la CROWN Act loletsa kusala munthu kuntchito kapena kusukulu chifukwa cha tsitsi lachibadwa kapena loluka. Mu May 2023 khoti lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta aloledwe m'sukulu za boma ndi madiredi awo. Filimu yachiwiri, Coming 2 America, itatuluka mu March 2021, La Salle sanabwerere kudzasewera ngati Darryl. Wogwira lumo m'filimu imeneyi ndi Mirembe, wometa wa kunyumba yachifumu, yemwe anasewera ndi Nomzamo Mbatha wa ku South Africa, ndipo chimene Mirembe akulakalaka ndi kutsegula babashopu yakeyake, ngakhale mwambo wa ku Zamunda suloleza akazi kukhala ndi bizinesi. Patapita zaka 33, nkhani ya tsitsi m'filimuyi inachoka pa funso la amene akuoneka moseketsa n'kufika pa funso la amene ali mwini malo ometera, lomwe ndi funso limene Madam C. J. Walker, Comer Cottrell ndi Herman Mashaba anayankha ndi mpamba wawo wochepa.